Kodi satifiketi ya umanijala ili ndi phindu kwa munthu wa ntchito zaluso?

Wamagetsi wa ku Chilenje:
Akuluakulu ndi anzanga onse pa gulu lino, ndabwera ndi nkhani imene yakhala ikundisowetsa tulo kwa milungu itatu tsopano. Ndine injiniya wa zamagetsi, ndinaphunzira ku yunivesite ya UNZA, ndipo ndagwira ntchito zaka 9 pa kampani imodzi kuno ku Lusaka imene imaika mathiransifoma, majenereta ndi sola m'mafakitale ndi m'mafamu. Mwezi watha panapezeka malo a woyang'anira nthambi yathu. Ndinalemba kalata yofunsira, koma sanandiitane n'komwe kuti akandifunse mafunso. Anatenga munthu wochokera ku kampani ina, amene zaka zake pa ntchito n'zochepa poyerekeza ndi zanga, koma ali ndi dipuloma ya umanijala komanso satifiketi ya PMP, ya kayendetsedwe ka mapulojekiti. Tsiku limene anayamba ntchito, ndine amene ndinayenda naye m'wekishopu, kumuonetsa kabati imene timasungamo zida zoyezera magetsi ndi kumudziwitsa kwa amisiri, amene ena mwa iwo ndinawaphunzitsa ndekha. Munthuyo sindikumusungira chakukhosi, chifukwa ndi waulemu ndipo malowo sanachite kulanda. Chimene ndikufuna kudziwa n'chakuti, kodi masatifiketi a kayendetsedwe ka ntchitowa ali ndi phindu lenileni kwa munthu ngati ine, kapena ndi mapepala ongosangalatsa olemba anthu ntchito? Ndili ndi ndalama pang'ono zimene ndinasunga kuti ndifolerere nyumba ya amayi anga ku Katete, ndipo ndisanazipatutsire kwina ndikufuna kumva kwa inu amene munadutsa kale njira imeneyi.

Mdala wa ku Chelstone:
Mwana wanga, pepani ndi zimene zakuchitikiranizi. Ine ndinapuma ntchito kale, nditagwira m'migodi ya ku Copperbelt kenako ku zamadzi, ndipo ndilankhula monga ndinaonera. Pepala limene lamulo limafuna kwa inu ndi limodzi, ndilo umembala wa Engineering Institution of Zambia pamodzi ndi laisensi yogwirira ntchito imene mumaikonzanso chaka ndi chaka. Bungwe limeneli linayamba mu 1955, ndipo lamulo la 2010 limanena poyera kuti munthu asagwire ntchito ya uinjiniya m'dziko muno popanda kulembetsa. Mapepala ena onsewo ndi ongowonjezera, palibe amene angakuimbeni mlandu chifukwa chosakhala nawo.

M'nthawi yathu munthu ankaphunzira utsogoleri pokhala pansi pa mkulu wina kwa zaka zingapo, kumaona mmene akugawira ntchito m'mawa, mmene akulankhulira ndi kapitawo wokwiya, ndi mmene akukanira katundu wosayenera ngakhale wogulitsa atabwera ndi mawu ozuna. Ndaonapo achinyamata obwera ndi zilembo zambiri kumapeto kwa dzina, koma makina akafa usiku, amisiri n'kuima mozungulira kudikira mawu, iwo n'kusowa chonena. Amisiri amazindikira msanga munthu wotero, ndipo akangomutaya chikhulupiriro sachibweza. Ndiye ine ndikuti folerani nyumba ya amayi anu. Luso la zaka 9 silingathe mphamvu chifukwa cha mpando umodzi umene wakudutsani.

Mayi wolemba anthu ntchito, Woodlands:
Abambo a ku Chelstone, ndikulemekeza kwambiri mawu anu, koma ndiloleni ndifotokoze mmene zinthu zimaonekera kwa ife amene timakhala mbali inayo ya tebulo. Tikalengeza malo a woyang'anira, makalata amabwera ochuluka moti sitingathe kuitana aliyense. Timayamba taona amene akukwaniritsa zimene tinalemba mu chilengezo, ndipo ngati tinalembamo kuti maphunziro a umanijala ndi ofunika, munthu wopanda pepalalo amatsala pa sitepe yoyambayo, luso lake tisanalione n'komwe. Sindikunena kuti zimenezi n'zachilungamo nthawi zonse, koma ndi mmene zimayendera m'makampani ambiri, m'mabungwe othandizidwa ndi mayiko akunja, ngakhale m'boma.

Koma achimwene a ku Chilenje, ndikufunseni funso limodzi musanafulumire kuloza chala pepala limene mulibe. Kodi m'kalata yanu munalembamo chiyani? Mainjiniya ambiri amene makalata awo ndawerenga amandandalika makina amene anakonza, kukula kwa mathiransifoma amene anaika ndi mapulogalamu a pa kompyuta amene amawadziwa, koma satchula n'komwe kuti anayang'anirapo anthu angati, ndalama zingati zinadutsa m'manja mwawo, kapena ntchito iti imene anaimaliza pa nthawi yake. Wowerenga amaona injiniya wabwino amene ayenera kukhalabe pa uinjiniya. Satifiketi ya umanijala imatiuza kuti munthuyu waganizapo zosiya zida n'kusenza udindo wa anthu ndi ndalama, ndipo wawonongapo nthawi yake pokonzekera.

Chinanso n'chakuti pali zinthu zimene sukulu ya uinjiniya siphunzitsa mozama. Pa kampani ina imene ndinagwirako, injiniya waluso kwambiri atangokwezedwa anachotsa mmisiri tsiku lomwelo limene waya wa kopa unasowa m'nyumba yosungiramo katundu, osamulembera mlandu, osamupatsa mpata wodziteteza. Lamulo la ntchito la 2019, Employment Code Act, limafuna kuti munthu amvedwe kaye asanachotsedwe chifukwa cha khalidwe kapena kagwiridwe kake ka ntchito. Kampani inalipira ndalama zambiri, injiniyayo anataya ulemu pakati pa anzake, ndipo mmisiri uja pamapeto pake zinaoneka kuti sanali wolakwa. Munthu akanamuphunzitsa zimenezi kwa masabata awiri okha, banja la mmisiriyo silikanavutika miyezi yonse ija.

Wamakompyuta wa ku Kalingalinga:
Kwathu ku ntchito za makompyuta masatifiketi tinawazolowera kale, chifukwa munthu sapita patali popanda za Cisco kapena ITIL, kuwonjezera pa umembala wa ICTAZ, bungwe la akatswiri a makompyuta limene lamulo la 2018 linakhazikitsa. Chimene ndikufuna kuchenjeza n'chakuti ambiri mwa mapepala akunjawa amalipiridwa m'madola kapena m'mapaundi, ndipo amatha mphamvu pakapita zaka zingapo, moti kwacha ikagwa mtengo wokonzanso umakwera inu malipiro anu ali pomwepo. Ndaonanso anzanga akuloweza mayankho a mayeso akale amene amapezeka pa intaneti, n'kukhoza bwino, koma atapatsidwa gulu la anthu asanu kuti aliyang'anire, palibe chimene anatola m'maphunzirowo. Pepala lopezeka motero ndi chikomekome cha nkhuyu.

Kontilakita wa ku Matero:
Ine ndilankhula ngati munthu amene analumidwapo. Ndinaphunzira zomangamanga, ndinagwira ntchito kwa eni ake kwa zaka zambiri, kenako ndinatsegula kampani yanga n'kulembetsa ku National Council for Construction, bungwe loyang'anira makontilakita. Konkire ndimaidziwa, zitsulo ndimazidziwa, ndipo ndinkaganiza kuti zimenezo n'zokwanira.

Ntchito yanga yoyamba yaikulu inali yomanga ngalande ndi timilatho, ndipo kontilakiti yake inali yotsatira buku lofiira la 1999 la FIDIC, bungwe la mainjiniya limene limalemba malamulo a makontilakiti a zomangamanga. Mwini ntchito anachedwa kutipatsa mbali ina ya malo chifukwa panali mapaipi amene anayenera kusamutsidwa. Tinakhala milungu isanu ndi umodzi makina a hayala ali chiimire, anyamata akulandira malipiro koma akungokhala pansi pa mtengo. Tsiku lililonse ndinkalankhula ndi injiniya woyang'anira ntchitoyo, iye n'kumandiuza kuti akumvetsa vuto langa. Nditapita kukapempha kuti andiwonjezere nthawi ndi ndalama, ananditsegulira bukulo pa ndime 20.1 n'kundionetsa ndi chala kuti ndinayenera kulemba kalata yodziwitsa pasanathe masiku 28 kuchokera pamene ndinazindikira vutolo. Kalatayo sindinalembe, chifukwa ndinkaona ngati kulemberana makalata ndi munthu amene ndimadya naye nsima masana n'kusowa ulemu. Ndinabwerera ku galimoto, ndinakhala momwemo nthawi yaitali osaliza injini, ndikuwerengera kuti ndigulitsa chiyani kuti ndilipire eni makina.

Chaka chotsatira ndinalembetsa maphunziro a kayendetsedwe ka makontilakiti ndi ndalama za kampani. Kumeneko n'kumene ndinamvetsa kuti kampani ikhoza kukhala ndi phindu pa pepala koma n'kugwa chifukwa ndalama zikulowa mochedwa kuposa mmene zikutulukira, komanso kuti ndalama zimene mwini ntchito amasunga mpaka nthawi yokonza zolakwika itatha siziyenera kuwerengedwa ngati zili kale m'thumba. Satifiketi imene anandipatsa ili m'kabati, palibe amene anandifunsapo kuti aione kupatula pamene ndikuika mapepala a tenda. Koma zimene ndinaphunzirazo ndimazigwiritsa ntchito Lolemba lililonse. Abambo a ku Chelstone, inu munali ndi mwayi wokhala pansi pa akuluakulu amene anali ndi nthawi yokuphunzitsani. Ambiri a ife lero tilibe munthu wotero, ndipo tikapanda kukaphunzira m'kalasi, timaphunzira ndi ngongole.

Wamagetsi wa ku Chilenje:
Amayi a ku Woodlands, funso lanu landifika pamtima. Ndatsegula kalata yanga ija n'kuiwerenganso, ndipo ndi momwe mwaneneramo. Masamba awiri onse ndi makina okhaokha. Chaka chatha ndinatsogolera amisiri 12 poika sola pa famu ina ku Chongwe, ntchito ya miyezi inayi, koma m'kalatamo ndinangolemba kukula kwa mapanelo ndi mabatire. Komabe ndiyenera kuvomereza kuti bajeti ya ntchito imeneyo sindinaionepo, inali m'manja mwa a ku ofesi ya zachuma, ndipo nditafunsidwa lero kuti tinapindula kapena tinaluza, sindingayankhe. Tsopano funso langa lasintha pang'ono. Ngati ndingaphunzire, ndiyambe ndi chiyani? Ndikumva za PMP, PRINCE2, CMI ndi MBA, ndipo onse otsatsa amanena kuti yawo ndiyo yabwino.

Injiniya wamkazi wa ku Kabwata:
Achimwene, zinthu zimene mwatchulazo si za mtundu umodzi, ndipo kusokoneza kumeneku n'kumene kumawonongetsa anthu ndalama. PMP ndi PRINCE2 ndi za kayendetsedwe ka pulojekiti, kutanthauza ntchito imene ili ndi poyambira, pothera ndi bajeti yake. PMP imaperekedwa ndi Project Management Institute ya ku America, imene inayamba mu 1969, pamene PRINCE2 inachokera ku boma la Britain mu 1996 ndipo ili ndi magawo awiri, Foundation ndi Practitioner. Umanijala wa nthambi yonse ndi nkhani ina, chifukwa nthambi siitha. Pamenepo pamafunika kudziwa kulemba ndi kuteteza bajeti ya chaka, kuwerenga malipoti a zachuma, kuyeza kagwiridwe ka ntchito ka anthu, kugula katundu motsatira ndondomeko ndi kukonza mapulani a zaka zingapo. Zimenezi n'zimene madipuloma a CMI, Chartered Management Institute ya ku Britain, amayang'ana, ndipo MBA imaziphunzitsa mozama, koma MBA ndi digiri yathunthu ya kayendetsedwe ka bizinesi, yofuna nthawi ndi ndalama zambiri, monga imene imaperekedwa ku Graduate School of Business ya UNZA kapena ku sukulu ya umanijala ya ESAMI. Palinso maphunziro aafupi a utsogoleri ku sukulu ya NIPA konkuno.

Ine ndinasankha PMP chifukwa ntchito yanga ndi ya mapulojekiti a madzi. Kuti ndiloledwe kulemba, ndinayenera kuonetsa digiri, miyezi 36 yotsogolera mapulojekiti ndi maola 35 a maphunziro. Pamene ndinkalemba, mafunso anali 180 ndipo nthawi inali mphindi 230. Ndinakonzekera mu 2024, chaka cha chilala chija pamene madzi anachepa ku Kariba ndipo magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse. Ndinkatchaja laputopu ku ntchito, n'kumawerenga usiku pa tebulo la kukhitchini ndi nyali ya sola ana atagona, mpaka batire itatha. Pepalalo limafuna kuti pa zaka zitatu zilizonse munthu asonkhanitse maola 60 a maphunziro owonjezera, apo ayi limatha mphamvu.

Ndinene moona mtima kuti malipiro anga sanakwere nditangokhoza, ndipo aliyense amene angakulonjezeni zimenezo akufuna ndalama zanu. Chimene chinasintha ndi mmene ndimalankhulira pa misonkhano. Kale ndinkati pampu iyi ndi yosayenera, a zachuma n'kundiyankha kuti ndiyo yotchipa, nkhani n'kuthera pomwepo. Tsopano ndimabwera ndi pepala loonetsa ndalama zimene pampuyo idzadye pa zaka zisanu, masiku amene ntchito ingaime ikawonongeka, ndi amene adzalipire chindapusa cha kuchedwako. Nzeru za uinjiniya n'zomwe zija, koma tsopano zikumveka kwa anthu amene amasaina macheke. Ndikuonanso kuti maphunzirowa anandithandiza chifukwa ndinali nditapsa kale ndi mavuto enieni, moti mutu uliwonse m'buku unkandikumbutsa ntchito inayake imene inandivuta. Mnzanga amene analemba za mtundu womwewu atangochoka ku koleji anaziiwala zonse chaka chisanathe.

Mdala wa ku Chelstone:
Ndamva, ndipo nkhani ya a ku Matero yandikumbutsa kuti ifenso tinkatumizidwa ku maphunziro a oyang'anira ndi makampani athu, kungoti sitinkalipira tokha ndipo sitinkawatcha mayina akuluakulu. Ndivomereza kuti pamenepo ndinalankhula mopitirira. Koma pali chimodzi chimene sindisintha. Si injiniya aliyense amene ayenera kukhala manijala, ndipo dziko lino lili ndi vuto lakuti njira yokha yokwezera malipiro a munthu waluso ndi kumuchotsa pa luso lakelo n'kumuika m'misonkhano. Ndinaona katswiri wa zoteteza mizere ya magetsi, amene ankatha kuzindikira vuto pongomva kulira kwa makina, atakwezedwa n'kukhala munthu wosasangalala mpaka kupuma kwake, ndipo pamalo pake sipanapezeke wina wofanana naye. Mwana wanga wa ku Chilenje, dzifunseni bwino ngati mukufunadi kumathera tsiku pa malipoti, madandaulo a antchito ndi makasitomala osalipira, kapena ngati chakupwetekani n'kudutsidwa chabe. Zikakhala kuti n'kudutsidwa, mwina maphunziro ozamitsa luso lanu la zamagetsi angakupindulireni kuposa a umanijala.

Mmisiri wa ku Mtendere:
Akuluakulu, ndiloleni ndilowererepo ngakhale ndine wamng'ono. Ine ndilibe digiri, ndili ndi dipuloma ya zamakina yochokera ku koleji ya NORTEC ku Ndola, ndipo ndakhala kapitawo kwa zaka 6. Kodi zimene mukukambiranazi zikutikhudzanso ife, kapena ndi za okhawo amene anapita ku yunivesite? Ndimayang'anira anthu tsiku lililonse, ndimalemba ndandanda ya mashifiti ndi kuitanitsa zipangizo, koma pa mapepala ndimaonekabe ngati wogwira sipanala basi.

Injiniya wamkazi wa ku Kabwata:
Zikukukhudzani kwambiri, achimwene, mwinanso kuposa ife, chifukwa inu utsogoleri mukuuchita kale koma mulibe umboni wolembedwa. PMP ili ndi njira ya anthu opanda digiri, imene pamene ine ndinkalemba inkafuna miyezi 60 yotsogolera mapulojekiti m'malo mwa 36, ndipo bungwe lomwelo lili ndi satifiketi yoyambira yotchedwa CAPM, yofuna maola 23 a maphunziro popanda zaka za utsogoleri. Koma kwa ntchito ya m'wekishopu ngati yanu, ine ndikanayamba ndi maphunziro a oyang'anira antchito pa sukulu yolembetsedwa ndi TEVETA, bungwe la boma loyang'anira masukulu a ntchito zaluso, chifukwa amakhudza zinthu zimene mumakumana nazo, monga chitetezo pa ntchito, kulanga motsatira lamulo ndi kusunga marekodi. Yambaninso lero kulemba m'kope ntchito iliyonse imene mwatsogolera, masiku ake, anthu ake ndi mtengo wake, chifukwa pofunsira mayesowa amafuna mufotokoze zimenezo, ndipo nthawi zina amapempha kuti abwana anu atsimikizire.

Woyang'anira gulu:
Ndiwonjezere chenjezo limodzi, popeza otsatsa maphunziro akhala akutumiza mauthenga ngakhale kwa mamembala a gulu lino. Musanalipire, fufuzani ngati yunivesite kapena koleji inalembetsedwa ku Higher Education Authority, kapena ku TEVETA ngati ndi sukulu ya ntchito zaluso. Dipuloma kapena digiri yochokera kunja imaunikidwa ndi Zambia Qualifications Authority, ndipo olemba ntchito ambiri masiku ano amafuna chitsimikizo chake. Dziwaninso kuti pepala limene mumalandira mutakhala nawo pa maphunziro a masiku asanu mu hotela ndi longosonyeza kuti munalipo, ndipo n'losiyana ndi satifiketi imene munthu amaipeza atakhoza mayeso a bungwe lenilenilo. Mchemwali wathu wina anazindikira kusiyana kumeneku atalipira kale, pamene dzina lake silinapezeke m'kaundula wa bungwe limene ankaganiza kuti lamuvomereza.

Mayi wolemba anthu ntchito, Woodlands:
Achimwene a ku Chilenje, musanatulutse ndalama zanu, funsaninso ku ofesi ya antchito ngati kampani yanu ili ndi thumba la maphunziro. Makampani ambiri amalipira gawo lina kapena zonse, pokhapokha mutasaina kuti mukhalabe nawo kwa nthawi yakutiyakuti, ndipo ndalama zimenezi kawirikawiri zimatsala chifukwa mainjiniya sazipempha. Werengani bwino pepala la mgwirizanolo musanasaine, makamaka ndime yonena za ndalama zimene mungabweze mutachoka msanga.

Wamagetsi wa ku Chilenje:
Zikomo nonse. Funso la abambo a ku Chelstone ndagona nalo masiku awiri, ndipo ndapeza kuti miyezi inayi ya ku Chongwe ija, pamene ndinkagawa ntchito m'mawa uliwonse ndi kuthetsa mikangano ya anyamata, ndiyo nthawi imene ndinasangalala kwambiri pa zaka zonsezi, ndiye sikudutsidwa kokha kumene kwandipweteka. Dzulo ndinalimba mtima n'kukalankhula ndi woyang'anira watsopano uja. Ndinamupempha kuti pa ntchito yotsatira andipatse bajeti m'manja kuyambira pa mtengo umene tidzauze kasitomala mpaka pa invoisi yomaliza, ndipo anavomera mosavuta, n'kundilonjeza kuti tidzakhala pansi Lachisanu lililonse kuona manambala pamodzi. Fomu ya thumba la maphunziro ndaitenga, iliko ndithu monga amayi a ku Woodlands ananenera. Malata a ku Katete ndigula mwezi uno mvula isanayambe, ndipo maola 35 aja ndiyamba mu Januwale ngati kampani ivomereza. A ku Matero, ngati mungapeze nthawi Loweruka lina, ndikufuna mundionetse makalata odziwitsa amene mumalemba masiku ano, chifukwa ntchito ikubwerayi ili ndi kontilakiti yokhuthala imene sindinaiwerengebe.

Kontilakita wa ku Matero:
Bwerani Loweruka lino lomwe, ndimakhala pa yadi mpaka 12 koloko. Mubwere ndi kontilakitiyo ngati abwana anu alola, pamodzi ndi pensulo, tikayambire pa ndime zonena za masiku ndi malipiro. A ku Mtendere nanunso mubwere ndi kope lanu lija.